Funsani Ankolo a Zamakompyuta: Ndikufuna kuulutsa ndege pa gemu koma thumba ndi lobooka

Mwezi uno sindikudziwa kuti kwagwanji, mafunso ambiri omwe afika ndi a anthu ofuna kukhala mapayiloti ali pa mpando kunyumba. Ndasankhapo asanu, ena ndawadula chifukwa anthu inu mumalemba ngati kalata yofunsira mbeta. A ma printer ndi a mafoni otsekedwa mudikire mwezi wamawa.

FUNSO

Ankolo moni. Ine ndi mnyamata wa ku Lumbadzi, ndakula ndikuona ndege zikutera pa KIA mpaka ndimadziwa kuti iyi ndi ya Ethiopian iyi ndi ya Kenya Airways ndisanaione nkomwe. Ndalama ya sukulu ya upayiloti ndilibe nde ndati bola ndiziulutsa pa gemu. Ndakhala ndikuonera mavidiyo a Microsoft Flight Simulator 2024 pa YouTube ndipo mtima suli m'malo. Ndasungako kangachepe pa geni yanga ya mobile money, ndipo pa shopu ina mu tauni andionetsa desktop akuti ndi Core i7, RAM 8GB, graphics 4GB, kesi yake ya galasi yowala malayiti a mitundumitundu. Akuti imasewera gemu iliyonse. Komanso achimwene anga ali ku Joni akuti atha kundigulira mapati ndikawatumizira ndalama. Nditole ya mu tauniyi kapena ndipange bwanji?

Wa ku Lumbadzi

YANKHO

Mphwanga usatole kaye. Bwerera pa shopu paja ukafunse funso limodzi: i7 yakeyo ndi i7 chani? Nambala yomwe imatsatira dzinalo ndiye nkhani yonse. Dzina loti i7 a Intel analiyamba mu 2008 ndipo mpaka lero pali ma i7 omwe ndi agogo. i7-3770 ndi ya 2012, i7-4770 ndi ya 2013, ndipo ka i3-12100 ka 2022 kamazisiya zonsezi kutali pa magemu ngakhale dzina lake likumveka lonyozeka. Munthu wongokuuza kuti "ndi i7 bwana" ali ngati wogulitsa galimoto wongoti "ndi Toyota", chaka chake osanena, ma kilomita osanena. Ndipo ndikukayikira kuti graphics ya 4GB akunenayo ndi GT 730, chifukwa ndi imene imakonda kubisala m'makesi owala malayiti amenewa. Khadi imeneyo 4GB ili nayodi, koma mphamvu ilibe, ili ngati njinga yakabaza yomwe aimangirira ngolo ya thirakitala. Malo onyamulira alipo koma okoka palibe. Flight Simulator siingayende pamenepo, ungoononga ndalama yako.

Koma tisanafike pa mapati pali chinthu chomwe ma YouTuber ukuwaonerawo sangakuuze chifukwa kwawo si vuto: intaneti. Flight Simulator 2024 inatuluka pa 19 November 2024 ndipo anaipanga moti zambiri zimachokera pa intaneti ukuuluka pomwepo, nthaka, mitengo, mabwalo, ngakhale ndege zina. A Microsoft eni ake analemba kuti pamafunika 10 Mbps pochepetsetsa, 50 Mbps kuti ziyende bwino, 100 Mbps kwa amene zawo zinayera. Tawerengera wekha, 10 Mbps ikamakoka osapumira kwa ola limodzi ndi 4.5GB. Sikuti nthawi zonse imakoka chonchi ayi, malo omwe wadutsapo kale imawasunga pa disiki, koma ukuona komwe nkhaniyi ikupita. Kuchoka pa KIA kukatera pa Chileka ndi ka Cessna 172 ndi ola limodzi ndi mphindi pang'ono, nde ngati umadalira bandulo ya pafoni uzikhala ukuyang'ana bandulo m'malo moyang'ana ma instrument. Netiweki ikangofooka mapiri a Dedza amasanduka ngati phala. Ngati pafupi pali fiber kapena Starlink, yomwe inafika kuno mu 2023, yopanda malire a data, chabwino pita ku 2024. Ngati ayi iwale kaye.

Ine ndikanakhala iwe ndikanatenga Flight Simulator ya 2020, ija inatuluka mu August 2020, kapena X-Plane. Ya 2020 imapweteka kamodzi poyamba, kudawuniloda kwake ndi pafupifupi 100GB kapena kuposa, nde nyamula kompyuta ukagone kwa mnzako yemwe ali ndi intaneti yosatha. Ikalowa uli ndi mphamvu yothimitsa Bing data, photogrammetry, nyengo ya live ndi ndege za anthu ena mu ma setting, ukhozanso kuika malire a data. Dziko limaoneka losakongola ngati la pa vidiyo paja koma ndege ikuuluka bwinobwino. Chongokwiyitsa ndi ma apudeti ena okakamiza, umayatsa kuti uuluke mphindi makumi atatu iyo n'kukuuza kuti dikira ndidawunilode. X-Plane ya a Laminar Research, ya 11 inatuluka 2017 ya 12 mu December 2022, ili ndi ubwino woti umasankha pa mapu mbali ya dziko yomwe ukufuna, nde ungotenga kum'mwera kwa Africa kuno basi osadzaza disiki ndi Alaska komwe sudzapitako. Ilinso ndi demo yaulere ya mphindi 15, imeneyo ndi imene uyesere kompyuta iliyonse usanapereke ndalama.

Tsopano mapati. Magemu a ndege ndi osiyana ndi a mpira kapena owomberana, amadya purosesa kwambiri, chifukwa kompyuta ikuwerengera mphepo, injini, ma system a mu kokupiti, ndege zina, magalimoto a pansi, zonse nthawi imodzi ndipo ntchito yolemetsa imaunjikana pa core imodzi. Nchifukwa chake purosesa yakale ya ma core ambirimbiri, monga ma Xeon otchipa aja amagulitsidwa ndi ma motherboard osadziwika, imagonja kwa yatsopano ya ma core asanu ndi imodzi. Kwa thumba ngati lako achimwene akugulire Ryzen 5 5600 ndi motherboard ya B550, kapena ya B450 koma afunse ngati BIOS inapangidwa apudeti kuti ilandire ma Ryzen 5000, apo ayi udzayatsa sikirini ili bii. Samala, pali 5600 ndi 5600G. Ya G ija ili ndi graphics mkati koma cache yake, kamemori kothamanga ka mkati mwa purosesa, ndi 16MB pomwe inayo ndi 32MB, ndipo magemu a ndege cache amaikonda zedi. Poti ugula khadi padera, tenga yopanda G. Mbali ya Intel yofanana nayo ndi i5-12400F. Ubwino wa AM4, soketi ya purosesa pa ma motherboard a B550 ndi B450 aja, ndi woti tsiku lina geni ikayenda ukhoza kuzula 5600 n'kuikapo 5700X3D kapena 5800X3D, zili ndi cache ya 96MB, popanda kusintha china chilichonse, ndipo anthu a magemu a ndege amazilemekeza kwambiri zimenezo.

RAM 8GB ija ayi. 16GB ndi poyambira pa ya 2020 ndi X-Plane, ya 2024 pochepetsetsa penipeni ndi 16GB ndipo iwo amalimbikitsa 32GB. Kuyambira kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inapenga, nde ngati 32 yakanika yamba ndi timitengo tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB, tiwiri timathamanga kuposa kamodzi. Motherboard ikhale ya mabowo anayi kuti udzaonjezere.

Khadi ya graphics uyang'ane zinthu ziwiri, mphamvu ndi VRAM, memori ya pa khadi pomwepo. Pa sikirini wamba ya 1080p, RX 6600 ya 8GB ikukwanira ndipo imadya magetsi ochepa, 132W. RTX 3060 ya 12GB ndi imene ndimaikonda pa ntchito imeneyi chifukwa ma airport akuluakulu ndi ndege zolemera ngati ma Airbus ogula padera amadzaza VRAM msanga, ndipo ili ndi DLSS yothandiza kukweza mafelemu, zithunzi zomwe gemu ikuonetsa pa sekondi. Koma apanso pali msampha, ilipo 3060 ya 8GB yomwe ndi yofooka kuposa ya 12GB ngakhale dzina ndi limodzi, achimwene awerenge pa bokosi. Ndalama ikavuta kwambiri GTX 1660 Super ya 6GB yogwiritsidwa kale ntchito iulutsa ya 2020 pa ma setting apakati. Pansi pa apo usatsike.

Disiki ikhale SSD ya NVMe, 1TB. Pa hard disk yozungulira ija uzidikira gemu kutseguka mpaka nsima kupsa.

Nde pali pawa sapulayi, chomwe aliyense amachinyozera. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Zaka zapitazo ndinamanga kompyuta yabwinobwino, ndalama itatha ndinatola pawa sapulayi yopanda dzina pa shopu ina, yolembedwa 600W koma yopepuka ngati paketi ya mabisiketi. Inagwira miyezi ingapo. Usiku wina ndikutsetsereka kuti nditere, mawilo ndatulutsa kale, ndinangomva thuu kenako kafungo ka pulasitiki wopserera kudzaza chipinda. Inapita ndi motherboard yomwe. Tenga ya 550W kapena 650W ya kampani yodziwika, Corsair, Seasonic, Cooler Master, be quiet!, ya chizindikiro cha 80 Plus Bronze kapena kuposa. Kesi tenga yotchipa iliyonse bola ikulowetsa mpweya kutsogolo ndipo ili ndi kasefa ka fumbi, fumbi la October ku Lumbadzi ukulidziwa wekha. Malayiti saulutsa ndege.

Za mitengo mu kwacha sindilemba, pofika tsiku lomwe magaziniyi ikufika m'manja mwako ikhala itasintha. Chomwe ndinganene, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yako lipite ku khadi, ndipo usaiwale kusiya ya transipoti ndi msonkho wa pa boda, ufunsiretu ku MRA kuti usadzadzidzimuke katundu atafika. Achimwene atumize mapati okhaokha m'mabokosi ake, kesi ndi sikirini ugule konkuno, zimenezo n'zolemera ndipo sikirini pa basi ya ku Joni ndi juga. Khadi isayende itamangidwa kale pa motherboard, mabampu a pa msewu amathyola polowera pake.

Ukamaliza kumanga usathamangire ku Ultra. Mu Flight Simulator yatsa developer mode, muli kowonetsa mafelemu komwe kamalemba kuti "Limited by MainThread" kapena "Limited by GPU". Kakati MainThread ndiye kuti purosesa ndi imene yatopa, tsitsa Terrain Level of Detail ndi kuchuluka kwa ndege ndi magalimoto. Kakati GPU ndiye kuti khadi ndi imene yatopa, tsitsa mitambo ndi render scaling. Ndipo mafelemu 30 osadukizadukiza ndi okwanira, si gemu yowomberana iyi. Pa bwalo loyambira lemba FWKI, kodi ya KIA, kokatera FWCL, ya Chileka, ndipo ukatera bwino undilembere.

FUNSO

Zikomo Ankolo. Ndine mayi wa ana atatu ku Zomba. Mwana wanga woyamba ali Fomu 3 ndipo nkhani yake ndi ndege basi, makope onse anajambulamo ndege. Kuntchito kwathu anagulitsa makompyuta akale nde ndinagulako imodzi, yalembedwa Dell OptiPlex, yaing'ono yopyapyala ija. Iye akuti siingathe gemu ya ndege pokhapokha tigule graphics card. Kodi akunena zoona kapena akufuna kundidyera? Komanso gemu imeneyi ingamuthandizedi kudzakhala payiloti kapena ingomusokoneza sukulu?

Mayi wodandaula, Zomba

YANKHO

Amayi, mwanayo sakukunamizani koma sanakuuzeni zonse. Makompyuta a mu ofesi opyapyalawa, kaya Dell OptiPlex, HP ProDesk kapena Lenovo ThinkCentre, ndi olimba ndithu koma anawapangira Word ndi Excel. Mavuto ake ndi awiri. Kesi ndi yopapatiza nde khadi yaikulu siilowa, imafunika yomwe amati low profile. Chachiwiri pawa sapulayi yake ndi yaing'ono, zambiri zimasewera cha m'ma 200W, ilibe waya wopatsira khadi magetsi, ndipo mapulagi ake ndi a kampani yomweyo moti simungangoisintha ndi ya pa shopu. Makhadi omwe angagwire ndi okhawo omwe amadya magetsi a pa motherboard pomwepo, osapitirira 75W, monga GTX 1650 ya low profile kapena RTX 3050 ya 6GB ya low profile. Wina asakugulitseni GT 710 kuti ndi ya magemu.

Koma musagule kanthu kaye. Muuzeni aike FlightGear, ndi yaulere kotheratu, anthu ongodzipereka akhala akuikonza kuyambira cha m'ma 1997, ndipo atatsitsa ma setting imayesetsa ngakhale pa kompyuta yofooka. Ina ndi Flight Simulator X, ya 2006, yomwe anaitulutsanso pa Steam mu 2014. Ndi yakale, mitengo yake imaoneka ngati yodula pa katoni, koma ma instrument onse ali momwemo ndipo muli maphunziro a kaulutsidwe kuyambira pa kunyamuka mpaka kutera. Ambiri mwa ife tinayambira pamenepo. Akakhala nayo miyezi itatu osatopa, akutha kunyamuka, kuzungulira bwalo n'kutera osaphwanya, apo ndiye muganize za khadi ndi kuonjezera RAM kufika 16GB ndi ka SSD. Ana ena chidwi chimatha sabata ziwiri akazindikira kuti kuulutsa ndege kwambiri ndi kuyang'ana manambala.

Muonenso nambala ya purosesa. Ngati ndi Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, monga i5-8500, ndi yabwino kuikirapo ndalama ndipo ilandira Windows 11. Ya m'mbuyo mwa apo ikhala pa Windows 10 yomwe a Microsoft anasiya kuisamalira mu October 2025, igwira ntchito inde koma ine sindingaigulire khadi yodula.

Za upayiloti, ndikuuzeni mosabisa. Maola a pa gemu kunyumba sawerengedwa pa laisensi, ndipo pali zomwe mpando wa pa balaza sungaphunzitse, thupi silimva kalikonse ndege ikamapendekera. Koma adzafika ku sukulu ya ndege akudziwa kale kuwerenga altimeter, kuti ma flap ndi a chani, chifukwa chomwe msewu wa ndege umalembedwa manambala ngati 14 mbali ino 32 mbali inayo, ndi Chingerezi chomwe amayankhulana ndi a pa tawa. Chomwe chingamufikitse kumeneko ndi Masamu, Physics ndi Chingerezi pa MSCE, nde joyisitiki muziisunga inu m'kabati, izituluka Loweruka homuweki ikatha. Mukamuona wakhala bwino mumuuze akuonetseni phiri la Zomba ali m'mwamba, kenako akhotere ku Mulanje mukaone Sapitwa, mamita 3,002, osatuluka thukuta.

FUNSO

Ankolo ine ndili ku Joni kuno, ndimagwira ya u security. Pa Facebook Marketplace ndikuona ma RX 580 8GB otchipa heavy, ena akuti brand new. Ndikufuna ya X-Plane pa ma off. Ndi dilu kapena ndi utsi?

Mfana wa pa Jozi

YANKHO

Achimwene, RX 580 inatuluka mu 2017 nde wina akati brand new muyambe mwaseka kaye. Khadi imeneyi ndi imene anthu okumba ndalama za crypto ankaigula ngati mandasi, inkagwira usana ndi usiku zaka, ndipo Ethereum itasiya kukumbidwa ndi makhadi mu September 2022 zonse zinakhuthukira pa msika. Zina amazitsuka, kuziveka fani yatsopano ndi bokosi lokongola. Zambiri mwa "zatsopano" zimenezi ndi zomwe zimalembedwa 2048SP, imeneyo kunena zoona ndi RX 570 yovala jekete la mkulu wake, RX 580 yeniyeni ili ndi ma shader 2304.

Sindikuti khadi ya sekeni handi ndi yoipa, zanga zambiri ndinagula choncho. Koma lamulo ndi loti simupereka ndalama musanaione ikugwira. Mukumane pomwe pali kompyuta, mutenge fulashi muli GPU-Z ndi FurMark. GPU-Z ikuuzani dzina lenileni la chipu, ma shader ndi VRAM, makhadi ena abodza imachita kuwalemba FAKE poyera. Kenako FurMark, yomwe imagwiritsa khadi ntchito yolemetsa, iyende mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu inu mukuyang'ana kutentha ndi sikirini. Mukaona timadontho tobiriwira, mizere, sikirini kuphethira, kapena kutentha kukuthamangira ku 90, bwererani ndi ndalama yanu. Mvetserani mafani ngati akukhulana, yang'anani kumbuyo ngati bolodi yasintha mtundu ndi kutentha kapena ili ndi dzimbiri. Wogulitsa akayamba zoti ndili busy tangotumizani dipoziti pa eWallet, ameneyo ndi tsotsi, musiyeni.

Pa X-Plane 11 RX 580 yabwinobwino igwira. Pa X-Plane 12 ivutika, mitambo ndi kuwala kwa mu 12 n'zolemera. Komanso imadya 185W pomwe RX 6600 ikudya 132W n'kumathamanga kuiposa kutali, nde ngati kusiyana kwa mtengo ndi ma shifiti awiri atatu a ovataimu, pirirani mutenge 6600. Ndipo pokakumana ndi munthu wa pa Marketplace musapite nokha ndi kashi m'thumba, mukudziwa bwino kuposa ine.

FUNSO

Ankolo, kompyuta ndinamanga kale, Ryzen 5 ndi RTX 3060, koma kuno magetsi amangothima osatsanzika. Kawiri konse yazima ndili pakati pa ulendo wautali. Ndili ndi sola ya malayiti ndi TV, batire imodzi ya 100Ah ndi ka inveta. Ndingalumikizeko? Kapena ndigule UPS ya 650VA yomwe ndaiona yotchipa?

Bambo wa ku Mzuzu

YANKHO

Bambo, tiyeni tiwerengere limodzi. Khadi yanuyo ikalimbikira imadya 170W, purosesa ngati ndi 5600 ndi ya 65W ndipo imapitirirako pang'ono, onjezani motherboard, mafani, disiki ndi sikirini, muli cha m'ma 300W mukuuluka. UPS yolembedwa 650VA si 650W ayi, zambiri zimapereka cha m'ma 360W mpaka 390W, nde mwaima m'mphepete penipeni, magetsi akathima ikhoza kungolira kamodzi n'kuzima limodzi ndi kompyuta. Tengani ya 1000VA kapena 1500VA, ya line interactive yomwe imawongolanso magetsi akamabwera ofooka. Ndipo mudziwiretu kuti UPS si youlukira, ndi yoti ikupatseni mphindi zochepa musevu n'kuthimitsa bwinobwino. Ulendo wa ku Addis simuumaliza pa UPS.

Batire yanu ya 12V 100Ah pa pepala ndi 1,200Wh, koma ngati ndi ya asidi simuyenera kuitsitsa kupitirira theka apo ayi ifa msanga, nde muli ndi 600Wh, chotsanipo zomwe inveta imadya yokha, mutsala ndi maola osakwana awiri, malayiti ndi TV zili zothimitsa, ndipo mayi akunyumba akuyang'anani ndi diso lija. Chachikulu muone ndi mtundu wa inveta. Ngati ndi ya modified sine wave, zotchipa zambiri ndi zimenezo, musalumikize, ma pawa sapulayi amakono sagwirizana nayo, ena amalira ena amangozima. Ikhale ya pure sine wave, ya 600W kupita m'mwamba.

Pali kachinyengo kena kaulere. Tsekerani mafelemu pa 30 mu ma setting, khadi siigwira ntchito mopitirira muyeso, magetsi imadya ochepa, kutentha kumatsika, batire imakhalitsa. Mukhozanso kutsitsa power limit ya khadi ndi MSI Afterburner kufika cha m'ma 75 peresenti, kusiyana kwake m'maso simukuona kwenikweni. Nyengo ya mvula ziphaliwali zikayamba zulani pulagi kukhoma ndi waya wa rauta womwe, surge protector imathandiza pa magetsi obwera mwamphamvu akamayaka koma mphezi siiletsa. Magetsi akabwera dikiraniko mphindi zingapo musanayatse. Ndipo masiku omwe magetsi sakudalirika siyani maulendo a maola asanu, nyamukani pa Mzuzu mukatere pa Likoma, FWUU kupita FWLK, ndi kaulendo kakafupi ndipo kutsikira ku nyanja kuchoka ku mapiri kuja n'kokoma kuposa kukhala maola mukuyang'ana mitambo pa autopilot.

FUNSO

Ankolo mwachidule, chiwongolero chija ngati cha mu ndege yeniyeni ndi chofunika? Nanga laputopu kapena Xbox sizingachite?

Mtsikana wa ku Chipata

YANKHO

Mwachidulenso mphwanga. Kiyibodi yokha ayi, uzingogwa. Padi ya Xbox ngati uli nayo kale yambira pomwepo. Ukafuna kugula, joyisitiki ya Logitech Extreme 3D Pro ndi yotchipa ndipo ili ndi zonse, ka throttle pambali komanso imapotokola kuti uwongolere rudder. Thrustmaster T.16000M ndi yokwererako koma masensa ake ndi a maginito, sasiya kulondola ngakhale itakalamba. Yoke, chiwongolero ukunenacho, ngati Honeycomb Alpha ndi ma pedal zisiye kaye, mtengo wake ungakugulire khadi ya graphics, ndipo Airbus yeniyeniyo amaiulutsa ndi kandodo ka pambali komweko.

Laputopu ya magemu imatha koma pa ndalama yomweyo desktop imaiposa, khadi ya mu laputopu ndi yofooka kuposa ya dzina lomwelo ya mu desktop, imatentha, ndipo ikakalamba sungaisinthe khadi. Ubwino wake umodzi ndi batire, magetsi akathima siizima pompo. Xbox Series S ndi njira yotchipa kwambiri yolowera mu Flight Simulator, ya 2020 inafika pa Xbox mu July 2021 ndipo ya 2024 iliponso, koma X-Plane ndi FlightGear kulibe, ndege zaulere zomwe anthu amagawana pa intaneti zambiri sizilowa, njala ya data ndi yomweyo, ndipo joyisitiki iyenera kukhala yolembedwa kuti ndi ya Xbox, Logitech ndatchula ija siigwira pamenepo. Ngati kompyutayo uzigwiritsanso ntchito ya sukulu kapena ya geni, tenga desktop ngati yomwe ndamulembera mnzako wa ku Lumbadzi pamwambapa. Kwanuko bwalo la Mfuwe lili pafupi, FLMF, yambira pamenepo uuluke chotsika potsata mtsinje wa Luangwa.